Mwina Anali Abale

Apongozi anga aakazi atakwanitsa zaka 86 anandiitanira kuchipinda kwawo, nanditulutsira katoni yodzaza zithunzi, makalata ndi timapepala ta pamaliro. Anati akufuna kabuku ka masamba ochepa kofotokoza kumene banja lawo linachokera, kuti adzukulu awo, pamodzi ndi mwana wanga wamkazi, adzakhale nako iwo akadzatsikira kulichete. Ntchitoyi anaipereka kwa ine, mtengwa wochokera ku Malawi, chifukwa ndimagwira ntchito yosunga mafayilo ndipo ankadziwa kuti fumbi la mapepala akale silindiopsa.

Nkhani imene ankafuna kuti ilembedwe aliyense m'banjamo ankaidziwa pamtima. M'zaka za njala yaikulu ya ku Ireland, anyamata awiri a bere limodzi anachoka kumadzulo kwa boma la Cork nawoloka nyanja mpaka kukafika mumzinda wa Lowell, ku Massachusetts m'dziko la America, kumene kunali mafakitale a nsalu m'mbali mwa mtsinje wa Merrimack. Wamkulu ndiye kholo la apongozi anga. Wamng'ono ndiye kholo la banja lina la dzina lomwelo, limene mpaka lero silisowa pa maliro athu, pa maukwati athu ndi pa Khirisimasi. Mabanja awiriwa akhala akuitanana achibale kwa zaka zoposa 150, ndipo muzu wa zonse ndi mawu amodzi aja akuti anyamatawo anali mkulu ndi mng'ono wake.

"Ungopeza mapepala otsimikizira, mwanawe," anatero apongozi. "Nkhani yake tikuidziwa kale."

Ndinavomera mosavuta. Patatha chaka ndi miyezi ingapo mapepala ndinali nawo, koma ankanena zina. Funso limene linandisowetsa tulo ndi limene ndikufuna tilingalire limodzi pano. Munthu akapeza kuti chibale chimene banja lakhala likukhulupirira chikutsutsana ndi umboni, ngongole yake ili kwa yani? Kwa amoyo amene nkhaniyo imawatonthoza, kapena kwa akufa amene sangathenso kudziyankhira?

Ndiyambe ndafotokoza chimene chimavutitsa ntchito yotere. Kalembera wa mu 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni ku Ireland. Kuyambira mu 1845 matenda a chiwawu anawononga mbatatesi, chakudya chimene osauka ankadalira tsiku ndi tsiku, ndipo pofika mu 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, enanso pafupifupi 1 miliyoni atathawira kunja. Ambiri mwa othawawo anali alimi obwereka timinda kwa eni malo. Analibe wilo, analibe chikalata cha munda, ndipo ambiri sankadziwa kulemba. Boma linayamba kulemba kubadwa ndi imfa za anthu onse mu 1864. Choncho mwana wobadwa m'ma 1820 nachoka m'ma 1840 analibe chikalata cha kubadwa, ndipo dzina lake likanapezeka pamodzi ndi la makolo ake m'malo awiri okha: m'buku la ubatizo la parishi yake ndi m'mapepala a kalembera.

Mapepala a kalemberawo kulibe. Pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungiramo zikalata za dziko ya Public Record Office, pa Four Courts mumzinda wa Dublin, inaphulika ndi kupsa. Mapepala a kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851 anapsa, kupatula zidutswa zochepa. A 1861 ndi 1871 boma linali litawawononga kale lokha, ndipo a 1881 ndi 1891 anaphwanyidwa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kalembera wakale kwambiri amene alipo wathunthu ndi wa 1901, pamene m'badwo wa njala unali utatsala pang'ono kutha.

Chotsala ndi mabuku a maparishi a Katolika, amene anapulumuka chifukwa ankasungidwa ndi ansembe m'maparishi momwemo. Mu 2015 National Library of Ireland inaika zithunzi za mabukuwa pa intaneti kuti aliyense aziwerenga mwaulere. Ambiri ndi olembedwa m'Chilatini chachidule, James akusanduka Jacobus, William akusanduka Gulielmus, ndipo m'maparishi ambiri akumidzi, makamaka kumadzulo kumene njala inakantha kwambiri, mabuku anayamba kulembedwa mochedwa. Palinso kaundula wa malo wotchedwa Griffith's Valuation, wosindikizidwa pakati pa 1847 ndi 1864 pofuna kuwerengera msonkho. Iyeyu amatchula munthu wokhala pamunda ndi amene anamubwereka mundawo, koma za mkazi, ana kapena abale sanena kanthu.

Vuto lina ndi la mayina. Ireland anagawidwa m'tizigawo toposa 60,000 totchedwa townland, tofanana ndi midzi yathu ing'onoing'ono, ndipo m'kachigawo kamodzi mumatha kupezeka nyumba zingapo za dzina limodzi la banja. Mwambo wofala unali wotcha mwana wamwamuna woyamba dzina la agogo ake a kuchimuna, wachiwiri la agogo ake a kuchikazi, wachitatu la bambo ake. Zotsatira zake n'zakuti ana a anthu apachibale ankatenga mayina omwewo mibadwo ndi mibadwo. Ngakhale alembi a Griffith zinkawasokoneza, moti nthawi zina ankawonjezera dzina la bambo wa munthuyo pambali kuti asiyanitse amuna awiri a dzina limodzi. Wofufuza wa lero akapeza dzina lofanana ndi la kholo lake m'parishi yoyenera, mtima umadumpha, koma chimene wapeza chikhoza kukhala mnansi wa kholo lakelo.

Kutsidya la America zinthu zili bwinoko, koma pang'ono. Mindandanda ya okwera sitima za pamadzi ya nthawi ya njala imalemba dzina, zaka, ntchito ndi dziko basi. Kalembera wa America wa 1850 ndiye woyamba kutchula dzina la mfulu aliyense wa m'nyumba, koma chibale cha anthuwo sanachilembe. Funso loti munthu ndi ndani kwa mwini nyumba linayamba mu 1880. Amuna anga awiri aja ndinawapeza m'nyumba imodzi mu kalembera wa 1850, dzina la banja limodzi, zaka zoyandikana, onse obadwira ku Ireland. Ziliza zawo kumanda a ku Lowell zimatchula parishi imodzi ya ku Cork, monga ankachitira anthu ambiri a m'badwo umenewo. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikusangalala, poganiza kuti ntchito yatha.

Chinandigwetsa ulesi ndi kaundula wa maukwati. Massachusetts inayamba kusonkhanitsa kaundula wa kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1841, ndipo posapita nthawi mabukuwo anayamba kulemba mayina a makolo. Wamkulu pokwatira anatchula bambo ake ndi mayi ake. Wamng'ono pokwatira anatchula bambo wina ndi mayi wina. Ndinayamba ndaimba mlandu mlembi: mwina anamva molakwa, mwina anasokoneza mizere. Kenaka ndinapeza kaundula wa imfa zawo, wolembedwa patatha zaka zambiri ndi alembi ena, mawu ake ochokera kwa achibale otsala. Mayina a makolo a aliyense anali omwe aja a paukwati. Zikalata zinayi, zolembedwa nthawi zinayi zosiyana, zinagwirizana kuti amunawa anali ndi abambo osiyana ndi amayi osiyana.

Ndinabwerera ku mabuku a ku Ireland kuti ndione ngati abambo awo anali pachibale. Buku la ubatizo la parishi yawo linayamba kulembedwa iwo atabadwa kale. Mu Griffith ndinapeza nyumba zingapo za dzina lawo m'tizigawo toyandikana, ndipo mayina a abambo onse awiri analimo, aliyense kangapo. Tinayesa DNA ya apongozi ndi ya mkulu wina wa banja linalo. Anthu amene agogo a makolo awo anali a bere limodzi amafanana DNA yosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo chibale chikatalikira ndi m'badwo umodzi wokha, kufananako kumachepa kwambiri, mwinanso osaoneka n'komwe. Zotsatira zinaonetsa kufanana kochepa. Kufanana kotere kungachokere kwa abambo apachibale, komanso kungachokere ku parishi imene mabanja ake akhala akukwatirana okhaokha kwa zaka mazana. Mapeto a zonse anali awa: sanali a bere limodzi; mwina anali ana a munthu ndi mng'ono wake; mwina anali anansi a dzina limodzi.

Amuna anga atamva anakhala chete kwa kanthawi. Kenaka anati, "Akazi anga, amayi atsala ndi masiku ochepa. Lembani zimene akufuna. Anthuwo anafa kalekale, ziwapweteka chiyani?"

Mawuwa sindinawapeputse, chifukwa ali ndi nzeru. Chifundo kwa nkhalamba yodwala ndi udindo weniweni. Nkhani ya abale awiri yachita ntchito yabwino: yasunga mabanja awiri pamodzi, yachititsa anthu kulipirirana sukulu ndi kuikirana maliro. Palibe cholowa chimene chikulimbiranidwa, palibe munda umene wina adzalandidwe. Ngati bodza lili loipa chifukwa cha zimene limawononga, bodza limeneli likuoneka kuti silinawononge kanthu. Ndipo ine, mlendo wobwera dzulo, ndine yani kuti ndigumule ndi mapepala anayi chimene mibadwo isanu yamanga?

Ndinalinso ndi njira ina yothawira, imene chinenero changa chinandipatsa. Kwathu mwana wa atate aang'ono kapena wa amayi aang'ono ndi mbale wako, mchimwene kapena mchemwali. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali. Ngati abambo a anyamata aja anali munthu ndi mng'ono wake, ndiye kuti m'Chichewa anyamatawo anali abale enieni ndipo banja silinaname. Ndinakhala masiku angapo ndikukondwera ndi ganizo limeneli. Koma kabukuko kanali ka m'Chingerezi, ndipo owerenga ake akanamva kuti mayi mmodzi, bambo mmodzi. Kulemba mawu amene ine ndikuwamva mwina, ndikudziwa kuti owerenga awamva mwina, n'kunama ndithu, kungoti kunama kwa munthu wodziwa zinenero ziwiri. Ndiponso chibale cha abambowo ndinali ndisanachitsimikize.

Ndinayesanso kudziuza kuti kwathu chibale sichifuna pepala, kuti munthu akatchula mfunda wofanana ndi wako umamupatsa mpando ndi madzi osamufunsa chikalata. Zimenezo n'zoona, koma ndi theka la nkhani. Ndinakumbukira agogo anga aakazi ku Dowa, amene ankalandira aliyense ngati mbale. Ikabuka nkhani ya munda kapena ya ufumu, agogo omwewo ankasintha. Ankayala mzere wonse: uyu ndi wa bere lalikulu, uyu ndi wa bere laling'ono, uyu anabwera ndi mayi ake ali kumsana, uyu tinamulera koma kwawo ndi tsidya lija. Wina akatsutsa, ankamufunsa kuti, "Unamva kwa yani? Iyeyo analipo?" Anthu osalemba nawonso amasiyanitsa umboni ndi mphekesera. Kulandira munthu ngati mbale ndi kudziwa amene anamubereka, agogo ankazisunga zonse ziwiri, ndipo china sichinkaphimba chinzake.

Chimene chinandithandiza kuyankha funso la amuna anga ndi nkhani ya Annie Moore. Pa 1 January 1892, tsiku limene malo olandirira alendo a Ellis Island anatsegulidwa ku New York, munthu woyamba kulembedwa anali mtsikana ameneyu wa zaka 17 wochokera ku Cork, amene anabwera pa sitima yotchedwa Nevada ndi alongo ake awiri aang'ono, Anthony ndi Philip. Ziboliboli zake zili pa Ellis Island ndi pa doko la Cobh pamene ananyamukira. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti anapita kumadzulo kwa America nakafera ku Texas atagundidwa ndi galimoto yoyenda panjanji, ndipo zidzukulu za mayi wa ku Texas uja zinkalemekezedwa pa miyambo yomukumbukira. Mu 2006 katswiri wofufuza mibadwo Megan Smolenyak ndi anzake anaonetsa kuti Annie Moore wa ku Texas anabadwira ku Illinois ndipo anali munthu wina wa dzina lomwelo. Annie weniweni sanachoke ku New York. Anakhala m'dera la osauka la Lower East Side, anabereka ana osachepera 10, angapo namwalira ali aang'ono, ndipo iye anamwalira mu 1924. Anagona m'manda opanda chiliza ku Calvary Cemetery, ku Queens, mpaka mu 2008.

Banja la ku Texas silinali ndi cholinga choipa. Linakhulupirira nkhani yokoma imene dzina ndi zaka zinkaoneka kuti zikuivomereza. Koma pa zaka zonse zimene nkhani yolakwayo inkayenda, mayi amene anapondadi pa Ellis Island tsiku lija analibe womufunafuna, chifukwa aliyense ankaganiza kuti anapezeka kale. Chibale cholakwika chimakhala pampando wa munthu wina, ndipo mwini mpandoyo amaiwalika.

Nditaona zimenezi ndinabwerera ku zikalata zanga zinayi ndi maso ena. M'kaundula wa ukwati wa wamng'ono muli dzina la mkazi. Mnyamatayo analitchula yekha ndi pakamwa pake pamaso pa mlembi, kutali ndi kwawo, atafunsidwa kuti mayi ako ndani. Mkazi ameneyu anatenga pakati, anabereka, analera mwana m'zaka za umphawi, ndipo mwanayo anawoloka nyanja osabwereranso. Nkhani ya abale awiri inamulanda mwana wake nimupereka kwa mayi wa mnzake. Kwa zaka 150 zidzukulu zake zenizeni zakhala zikutchula mkazi wina kuti ndiye gogo wawo, ndipo dzina lake silinamvekepo m'pemphero la aliyense wa iwo. Pepala lija ndi malo okhawo amene ndinapeza dzinalo. Ndikanalemba zimene apongozi ankafuna, ndikanalikwirira kachiwiri, ulendo uno ndikudziwa chimene ndikuchita.

Wina anganene kuti wakufa samva kuwawa, choncho sangalakwiridwe. Koma sitikhala motero m'moyo wathu. Timasunga malonjezo amene tinapanga kwa omwalira. Timakwiya wina akanamizira mayi athu amene anapita kale, ngakhale iwo sakumva. Timamanga ziliza ndi kulembapo mayina olondola, ndipo mmisiri akalakwitsa chilembo chimodzi timamubweza. Zonsezi zikusonyeza kuti timavomereza kuti munthu ali ndi chake chimene chimatsala iye atafa, ndicho choona cha moyo wake: anabadwa kwa yani, anabereka yani. Olemera choonachi amachitchinjiriza ndi ma wilo, zikalata za minda ndi zithunzi. Alimi a nthawi ya njala anatsala ndi mzere umodzi kapena iwiri m'buku la mlembi. Amene ali ndi zochepa chotere ndi amene tiyenera kusamala nawo koposa, chifukwa kufufuta mzere umodzi n'kufufuta zonse.

Sindikunena kuti pepala ndi Mulungu. Pepala ndi mboni, ndipo mboni imafunsidwa mafunso: anakuuza ndani, liti, ndipo akanapindula chiyani ponama? Chitsanzo chabwino ndi penshoni ya okalamba imene inayamba kuperekedwa mu January 1909 kwa anthu a zaka 70. Popeza okalamba a ku Ireland analibe zikalata za kubadwa, boma linkafufuza mayina awo m'mapepala a kalembera wa 1841 ndi 1851, ndipo mafomu a kafukufukuyo apulumutsa mayina a mabanja ambiri amene mapepala awo enieni anadzapsa mu 1922. Koma penshoni yomweyo inachititsa kuti anthu ambiri akule ndi zaka zoposa 10 pakati pa kalembera wa 1901 ndi wa 1911. Pa zaka za munthu, mboni imeneyo ndi yokayikitsa. Pa dzina la mayi ake, mkwati analibe chopindula ponama.

Mboni zabwino koposa ndi zimene munthu ananena yekha pamene kunena zoona kunali kom'pindulitsa. Banki ya Emigrant Industrial Savings Bank, yotsegulidwa ku New York mu 1850, inkafunsa osunga ndalama kumene anabadwira, mayina a makolo awo, a abale ndi alongo awo, ndi sitima imene anabwera nayo. Ambiri sankatha kusaina, choncho pobwera kudzatapa ndalama ankadziwika poyankha mafunso omwewo. Chibale chinali kiyi ya ndalama zawo. Nyuzipepala ya Pilot ya ku Boston, kuyambira mu 1831 mpaka 1921, inkasindikiza zidziwitso za anthu ofunafuna abale awo osowa, zotchula dzina, parishi ndi chibale chawo. Anthu amenewa ankalipira ndalama zawo zochepa kuti anene molondola kuti uyu ndi mlongo wanga, uyu ndi mwana wa mchimwene wanga. Kwa iwo kulondola kwa chibale kunali kusiyana kwa kupezana ndi kutayana mpaka imfa. Amuna anga awiri sindinawapeze m'mabuku amenewa, koma kuwawerenga kunandichititsa manyazi kuti ndinaganizapo zolemba chibale mwachisawawa m'dzina la anthu otere.

Akatswiri a ntchitoyi ali ndi muyeso wawo: fufuza paliponse pamene pangakhale umboni, tchula kumene wapeza chilichonse, yerekeza zikalata, thetsa zotsutsana, ndipo lemba maganizo ako kuti ena awayese. Amalangizanso kuti ukasowa njira, uyang'ane anzake a munthuyo, anansi ake ndi mboni zake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditatsata langizo limeneli ndinapeza chinthu chimene sindinkachifunafuna. M'mabuku a ubatizo a ku Lowell, wamng'ono anaimirira mwana woyamba wa wamkulu ngati bambo wa ubatizo. Wamkulu anaimirira mwana woyamba wa wamng'ono. Akazi awo anachita chimodzimodzi kwa ana otsatira. Khanda la wamng'ono litamwalira, linaikidwa m'manda amene wamkulu anagula. M'chinenero chakale cha ku Ireland ubale wa paubatizo unkatchedwa cairdeas Críost, kunena kuti ubwenzi wa mwa Khristu, ndipo unkalemekezedwa kwambiri. Zimenezi zinalembedwa, zili ndi masiku ake ndi dzina la wansembe, ndipo palibe chikalata chozitsutsa.

Timati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo mwambiwu timaumva ngati ukunena za magazi okha. Mabuku a ku Lowell anandionetsa fupa la mtundu wina. Anyamata awiri ochokera parishi imodzi yosakazidwa ndi njala anagona m'nyumba imodzi, anaimirirana ana, anagawana manda, mpaka adzukulu awo analephera kuganiza kuti anthu okondana chotere angakhale a amayi osiyana. Nkhani ya bere limodzi inali kuphimba chinthu chimenechi. Mkulu akasamala mng'ono wake timati wachita udindo wake. Awa anasamalana popanda udindo wa bere, ndipo ulemu wa zimenezo unali kuwatayikira chifukwa cha nkhani imene inkafuna kuwalemekeza.

Ndinapita kwa apongozi masana ena ndi zikalata zonse. Ndinati, "Amayi, ndapeza zambiri, koma zina sizili monga tinkaganizira." Ndinawawerengera pang'onopang'ono, kuyambira maukwati mpaka maubatizo. Sanakondwe. Anati, "Agogo anga sanali munthu wabodza, mwanawe." Ndinayankha kuti inenso sindikuganiza choncho, kuti agogo awo ananena zimene anamva, ndipo zimene anamvazo zinachokera pa chikondi chimene chinalipodi. Anatembenukira kukhoma nati atopa. Ndinatuluka mtima uli pansi, ndipo usiku umenewo ine ndi amuna anga sitinalankhulane bwino.

Panapita milungu iwiri osatchulanso nkhaniyo. Mwezi wa November utayandikira, pamene Akatolika amalemba mayina a akufa awo kuti awapempherere pa Misa, anandiitana nandipatsa pepala ndi cholembera. Anatchula mayina a masiku onse, amuna awo, makolo awo, agogo awo. Kenaka anati, "Mayi uja wa mnyamata wamng'ono, dzina lake unati ndani? Mulembenso. Wadikira nthawi yaitali." Sananene kuti ndinachita bwino, ndipo mpaka kumwalira kwawo chaka chotsatira ankati akamakamba za anyamatawo pakamwa pamatuluka mawu akale aja akuti abale. Mkulu wina wa banja linalo anakana kulandira kabukuko, ndipo maganizo ake sanasinthe. Mtengo wa zimene ndinachita ndi umenewo, ndipo sindinauchepetse pouza ena.

Kabukuko ndinakagawa patatu. Gawo loyamba ndi la zotsimikizika, chilichonse ndi chikalata chake: makolo anayi osiyana, parishi imodzi, nyumba imodzi, maubatizo, manda. Gawo lachiwiri ndi la zotheka, ndipo lili ndi chiganizo chimodzi chokha chachikulu, choyamba ndi mawu akuti mwina: mwina abambo awo anali munthu ndi mng'ono wake. Gawo lachitatu ndi nkhani ya abale awiri monga apongozi anaimvera kwa agogo awo, yolembedwa yonse m'mawu awo, ndi dzina la amene anaikamba. Nkhaniyo nayo ndi cholowa cha banja, ndipo kuitaya kukanakhala kulakwa kwina. Chimene ndinakana ndi kuisamutsa kuchoka m'gawo lachitatu kupita m'gawo loyamba.

Mwana wanga ali ndi mizere iwiri. Wa ku Cork unapsa ndi moto, wa ku Dowa sunalembedwepo, uli m'mitu ya anthu amene akutha mmodzimmodzi. Lamlungu lililonse tsopano ndimaimbira foni amayi anga ndi kope pamiyendo. Amanditchulira mayina a azigogo, ndipo pa dzina lililonse ndimafunsa funso la agogo lija, kuti munamva kwa yani. Poyamba ankadabwa nane. Sabata yatha, atatchula mkazi wina amene amati anali mchemwali wa agogo awo, anaima okha nati, "Ameneyo ulembe kuti mwina. Ndikafunse kaye amalume ako."